Kugonthetsa mabakiteriya m'malo mowapha

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, paja mu Bayoloje tinaphunzira kuti enzyme ndi chinthu chimene imagwirapo ntchito zimalowana ngati loko ndi kiyi. Ambiri tinangoloweza kuti tidzakhoze MSCE basi. Komatu nkhani yomweyi ya loko ndi kiyi ndi imene akatswiri agwira pofunafuna mankhwala atsopano, poti akale aja ayamba kutha mphamvu.

Maantibayotiki ambiri, kuyambira penicillin amene Alexander Fleming anatulukira mu 1928, ntchito yawo ndi kupha mabakiteriya kapena kuwaletsa kuswana. Mwa mabakiteriya mamiliyoni, ochepa amene majini awo ndi osiyanako amapulumuka, n'kuswana, ndipo mawa lake mankhwala aja sagwiranso. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya The Lancet mu 2022 anayerekeza kuti mu 2019 mokha, anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Si zakutali ayi. Madokotala a pa Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akulimbana ndi Salmonella wolowa m'magazi amene samva ampicillin, chloramphenicol ngakhale bactrim.

Ndiye ena anafunsa kuti: bwanji osaleka kumupha bakiteriyayo, n'kungomutseka makutu?

Makutu enieni alibe, eti. Bakiteriya ndi selo imodzi yokha, yopanda maso, yopanda ubongo. Koma amadziwa ngati ali m'madzi a pachitsime kapena m'matumbo mwa munthu, ndipo amasintha khalidwe malinga ndi malowo. Amadziwa kudzera mu mapuloteni awiri ogwira ntchito limodzi. Yoyamba, histidine kinase, imakhala mu membrane ya selo, mutu uli kunja, mchira uli mkati, ngati mlonda wosuzumira pageti. Ikamva kuti kunja kwasintha, imatenga phosphate kuchokera ku ATP (yemwe uja wa mu respiration) n'kudzimata nayo pa amino acid yotchedwa histidine. Kenaka imapatsira phosphate ija kwa mnzake wa mkati, response regulator. Mnzakeyo akalandira amasintha kapangidwe, n'kukakhala pa DNA ndi kuyatsa majini ofunika pa nthawiyo. Bakiteriya wa E. coli ali ndi alonda otere pafupifupi 30, aliyense ndi zake zimene amamvetsera.

Taonani mmene Salmonella amachitira. Selo yoyera ya magazi ikamumeza, amapezeka m'kathumba momwe muli asidi, magnesium wochepa ndi timapuloteni tobowola mabakiteriya. Apa amayenera kufa. Koma mlonda wake, PhoQ, amamva zonsezi n'kuuza PhoP, ndipo PhoP imayatsa majini olimbitsa chikopa cha bakiteriyayo. Mapeto ake Salmonella amakhala ndi kuswana mkati mwa selo imene imati imuphe. Ofufuza atachotsa jini ya PhoP, anapeza kuti Salmonella woteroyo amalephera kudwalitsa mbewa. Winanso ndi Enterococcus: mlonda wake VanS amazindikira kuti mankhwala a vancomycin afika, n'kuuza VanR kuti khoma la selo limangidwe mwa njira ina imene mankhwalawo sangaligwire. Ganizo n'loti kutseka uthenga umenewu kungachititse kuti vancomycin ayambenso kugwira ntchito.

Chokoma china n'choti maselo a munthu sagwiritsa ntchito alonda awiriawiri a mtundu uwu. Choncho mankhwala owatseka akhoza kusiya maselo athu ali bwinobwino. Mawu oti "akhoza" muwasunge, tibwererakonso.

Kuti usule kiyi woti athyokere mu loko, uyenera kudziwa mkati mwa lokoyo. Puloteni ndi yaing'ono kwambiri moti maikulosikopu ya mu labu ya sukulu singaionetse. Ofufuza amalowetsa jini yake mu E. coli kuti awapangire puloteniyo yambiri, amaiyeretsa, kenaka amayesa mitundumitundu ya madzi amchere mpaka itaundana n'kukhala timiyala tonga ta shuga. Ntchito imeneyi imatha kudya miyezi, nthawi zina osaphula kanthu. Timiyalato amatiwomba ndi X-ray, ndipo mmene kuwalako kwabalalikira ndi mmene kompyuta imawerengera pamene atomu iliyonse ili. Mu 2009, Patricia Casino, Vicente Rubio ndi Alberto Marina a ku Valencia m'dziko la Spain anaonetsa chithunzi cha histidine kinase itagwirana ndi response regulator yake. Mapuloteniwo anawatenga mwa Thermotoga maritima, bakiteriya wokhala m'madzi otentha pafupifupi 80°C. Sadwalitsa munthu ameneyu, koma mapuloteni ozolowera kutentha amakhala olimba, savuta kwambiri kuundanitsa. Pa zithunzi zoterezi pamaoneka kathumba momwe ATP imakhala. Ukapeza mankhwala okwana bwino m'kathumbamo, ATP isowa polowera, phosphate sipezeka, uthenga wathera pageti pomwepo.

Tsono tibwerere ku "akhoza" uja. Zithunzi zomwezo zinaulula kuti kathumba ka ATP kameneka kamafanana ndi ka puloteni ina ya m'thupi mwathu yotchedwa Hsp90, imene maselo athu amaidalira kwambiri. Kiyi wosulidwa mosasamala atseka maloko onse awiri. Komanso mankhwala ambiri oyambirira, a m'zaka za m'ma 1990, amene ankaoneka ngati akutseka histidine kinase, anadzapezeka kuti ankangoononga membrane, mpaka kuphwanya maselo ofiira a magazi. Bakiteriya ankafa ndithu, koma osati pa chifukwa chimene ofufuzawo ankaganiza.

Zolimbitsa mtima zilipo. Mlonda wina, QseC, amamva adrenaline wathu yemwe, timadzi tija totuluka munthu akachita mantha. Tangoganizani, bakiteriya kumamvetsera nkhani za m'thupi mwa eni ake! Gulu la Vanessa Sperandio ku Dallas, ku America, linayesa mankhwala okwana 150,000 n'kupezapo amodzi, LED209, otseka QseC. Zotsatira zake zinatuluka mu 2008: mankhwalawa sanaletse mabakiteriya kukula, koma mbewa zopatsidwa Salmonella zimene zinalandira mankhwalawa zinakhala moyo nthawi yotalikirapo kuposa zimene sizinalandire. Ganizo lake n'loti ngati supha bakiteriya, wosamva mankhwala uja sapeza mwayi waukulu woposa anzake, ndiye kusamvako kungachedwe kufala.

Ine pamene ndimakayikira ndi apa. Bakiteriya wogontha akadali moyo, ndipo womumaliza ndi chitetezo cha m'thupi. Koma amene Salmonella wa m'magazi amawagwira kwambiri kuno ndi ana onyentchera, ana odwala malungo ndi akuluakulu amene ali ndi HIV, anthu omwe chitetezo chawo n'chofooka kale. Kwa iwowa mankhwala ogonthetsa angafunike kuperekedwa pamodzi ndi maantibayotiki akale, osati paokha. N'chifukwa chake ena akulimbikira pa WalK, mlonda wa Staphylococcus aureus, bakiteriya wa zithupsa ndi mabala a mafinya. WalK amayang'anira kamangidwe ka khoma la selo pamene bakiteriyayo akugawikana, ndipo popanda iyeyu Staphylococcus sangakhale moyo. Mpaka pano palibe mankhwala otseka histidine kinase amene afika m'zipatala. Onse akadali m'malabu.