Musanasinthe Matayala, Tsegulani Chitseko

Ana anga, ndakuonani. Mwangogula kagalimoto, fungo la mipando silinathe n'komwe, maso ali kale pa marimu onyezimira ndi matayala otambalala aja. Mukuti amene kanabwera nawo ndi oonda ngati a njinga ya kabaza. Inenso mawu amenewo ndinawanenapo. Ndipo ndinalipira.

Galimoto yanga yoyamba yatsopano ndinaitenga pa ngongole ya kuntchito. Inabwera ndi warranty, lonjezo loti chinthu chikawonongeka chifukwa cha kapangidwe adzakonza ulere, kwa zaka zitatu kapena makilomita 100,000, chimene chayambe kukwana. Kabuku kake ndinakaponya m'kabati ka kutsogolo. Sindinakawerenge. Mumve bwino: sindinakawerenge.

Pa tayala lililonse panalembedwa 175/65 R14. Ine ndinkayesa zokongoletsera. Ayi ndithu. 175 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. 65 ikunena kuti khoma la m'mbali ndi magawo 65 pa 100 a kutambalalako. 14 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Ine ndinakaika 205/60 R15, chifukwa mnyamata wogulitsa anati, "Bwana, apa ndiye yaima ngati galimoto." Ndinamwetulira. Munthu ukangotchedwa bwana, nzeru zimatsikira m'thumba.

Sabata yoyamba zinali bwino, sindinama. Pa tala youma tayala lotambalala limagwira msewu, pokhota galimoto imakhazikika. Anthu ankatembenuka. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere yoyamba inali sipidomita. Tayala lakale, kuyeza kuchokera pansi kufika pamwamba, linali mamilimita 583. Latsopanoli 627. Likazungulira kamodzi linkapita patali kuposa mmene galimoto inkawerengera. Muvi ukaloza 80, ine ndili pa 86. Tsiku lina apolisi anandiimitsa pa M1 chifukwa cha liwiro, ndinatsutsa mpaka thovu kukamwa. Wolakwa ndinali ine.

Yachiwiri inali mafuta. Tayala lalikulu ndi lolemera, ndipo likakhala lotambalala injini imavutika kulikoka. Ulendo womwewo wa ku Dedza, ndalama ya petulo yosiyana. Ndikanyamula matumba a chimanga kumudzi, pabampu paliponse ndinkamva khwee, tayala likukhula m'kati mwa madigadi. Ndinkangokweza wailesi.

Kenaka mvula. Izi ndiye mumvetsetse, chifukwa apa si za ndalama. Tayala lotambalala limakumana ndi madzi ambiri oti liwakankhire kumbali. Likalephera, limayandama pamwamba pa madziwo. Chakumadzulo kwina, titangodutsa Ntcheu, chiwongolero chinapepuka m'manja mwanga ngati chaduka. Galimoto inapita kumene inafuna. Amayi anu anali pambali panga, mwana ali pa mpando wakumbuyo akugona. Tinaima m'udzu, osavulala. Amayi anu sanayankhule mpaka Balaka. Kukhala chete kumene kuja ndimakumvabe.

Patapita miyezi, kutsogolo kunayamba kulira huuu, liwiro likakwera kulirako n'kumakula. Bering'i. Marimu anga aja anatulutsira matayala kunja, ndiye kulemera kwa galimoto sikunkagweranso pamene opanga anakonza. Ndinapita kumene ndinaigula, kabuku m'manja, chifuwa patsogolo. Makaniko sanatsegule n'komwe boneti. Anangogwada, n'kuwerenga tayala, n'kuitana mkulu wake.

Mkuluyo anandilandira mwaulemu. Anandionetsa tsamba lija sindinawerenge. Warranty yonse sinafe, iyayi. Wailesi ikanawonongeka akanakonza. Koma chilichonse chimene chavutika chifukwa cha zimene ine ndasintha, bering'i, mashoko, za chiwongolero, chimenecho ndi changa. Ndinafuna kukwiya. Ndikwiyire yani? Sanandibere. Anandiuza kalekale, m'kabuku, ine ndi amene ndinatseka makutu. Ndinalipira bering'i ziwiri ndi shoko imodzi, ngongole ya galimotoyo ikudulidwabe pa malipiro. Mwezi umenewo fizi ya sukulu tinakongola kwa alamu anga.

Tsono sindikuti musasinthe. Ndikukudziwani, musintha basi. Ndikuti tsegulani chitseko cha dalaivala. Pa chitsulo chimene chitseko chimatsekerapo, magalimoto ambiri ali ndi kapepala komata kolemba saizi ya tayala ndi mpweya wake. Nthawi zina pamakhala masaizi awiri ovomerezeka. Yambirani pamenepo. Ine ndikanasankha 185/55 R15, ndikanapeza kutambalala pang'ono, msinkhu n'kukhala mamilimita 584, pafupifupi chimodzimodzi ndi wakale. Odziwa ntchitoyi amati msinkhuwo usasiyane kupitirira magawo atatu pa 100. Anga anasiyana ndi oposa asanu ndi awiri.

Onaninso nambala yotsatira saizi. Pakalembedwa 82, tayalalo limasenza makilogalamu 475. Musatsike pa nambala imene opanga anaika, makamaka inu onyamula achibale ndi mbuzi yomwe. Ndipo ngati ndi matayala a kaunjika, funani manambala anayi a tsiku lopangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala limakalamba ngakhale mano ake akuoneka.

Galimoto ikakhala pa warranty, funsani kaye. Funsani musanagule, osati mutamanga kale. Akavomera, akulembereni papepala, chifukwa "palibe vuto, bwana" wapakamwa sakonzetsa bering'i. A inshulansi nawonso auzeni. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Ena mukuseka, mukuti yanu inachokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, warranty ilibe. Inu ndiye muchenjere koposa. Warranty yanu ndi thumba lanu lomwelo.

Marimu akale aja musagulitse, musagawe. Ine ndinapatsa mphwanga tsiku lomwelo, mwamatama. Nditafuna kubwerera ku 14, anali atagulitsa kale. Ndinakagula ena. Matayala otambalalawo awiri anapita pa theka la mtengo. Awiri enawo ndi aja mukuwaona kuseri kwa khitchini, amayi anu anadzalamo anyezi.