Kasiyanitsidwe ka zigoba za brachiopod zosanduka mwala

Mukatola chigoba m'mphepete mwa mtsinje wa Lirangwe, musafulumire kuchitcha brachiopod. Kanyama kameneka n'ka m'nyanja zamchere, ndipo miyala yambiri ya kwathu kuno, ngakhale ija amawotcha popanga laimu, inapsa pansi pa dziko kalekale moti simungatsale chigoba m'kati mwake. Ku Karonga, kumene kunafukulidwa mafupa a Malawisaurus, zigoba za m'miyala ya Chiwondo ndi za nkhono za m'madzi opanda mchere. Zina mwa zigoba zenizeni za brachiopod zili ku South Africa, m'miyala ya Bokkeveld cha ku Ceres, ya zaka pafupifupi 400 miliyoni. Komabe mphunzitsi kapena mwana wasukulu atha kupatsidwa chigoba chotere, kapena chithunzi chake, ndipo ayenera kudziwa poyambira.

Choyamba chotsani fumbi ndi mswachi wakutha. Msomali kapena mpeni ayi, chifukwa timizere tomwe mungakande ndi timene tidzakuuzeni mtundu wake.

Kenako tsimikizani kuti si nkhono wamba, ndipo apa ndiye musathamange. Nkhono ya zigoba ziwiri ya mu Shire ili ngati manja anu mukawaphatikiza: chigoba china ndi chifanizo cha chinzake. Brachiopod siili choncho. Kawirikawiri chigoba chimodzi n'chachikulu, chinzake n'chaching'ono, koma mukadutsitsa ulusi pakati penipeni kuchokera kunsonga kufika kukamwa, kumanja ndi kumanzere kumafanana ngati nkhope ya munthu. Yang'ananinso kunsonga kwa chachikulucho. Nthawi zambiri pamakhala kabowo kamene pankatulukira kamnofu kogwirira pansi pa nyanja. Ambiri amalakwa poyambira pomwepa, n'kulemba dzina la sayansi pa nkhono ya chaka chatha.

Mukatsimikiza, onani kumbuyo kumene zigobazo zimalumikizana potseguka. Ngati palibe timano tolowana, chigobacho n'chonyezimira komanso chooneka ngati lilime, ndiye kuti n'cha mtundu wa Lingula. Ngati timano tilipo, funso lotsatira n'lakuti mzere wolumikizirawo ndi wowongoka kapena wokhota.

Ukakhala wowongoka, wautali, chigoba n'kutambalala ngati mbalame yotambasula mapiko, ganizirani za gulu la Spiriferida. Pakati pake mudzaona kamtunda mbali ina, kachigwa mbali inayo. Australospirifer wa ku Bokkeveld ndi wa m'gulu limeneli. Ukakhala wokhota, pali magulu awiri amene muyambe mwawaganizira. Terebratulida ndi wosalala, kabowo kake n'kooneka bwino. Rhynchonellida ali ndi mizere yakuya ngati malata, nsonga yosongoka, ndipo pakamwa pake m'pokhotakhota ngati mano a sowo.

Tsopano chitembenuzeni muchione cham'mbali. Zina zimatukuka mbali zonse ziwiri, ngati mbale ya nsima yovindikira ndi inzake. Zina zili ngati mbale ziwiri zosanjikiza, ina kulowa mwa inzake, ndipo ngati pamwamba pali timatuza, malo amene panathyoka minga, n'kutheka kuti ndi Productida. Gulu limeneli likuthandizaninso pa zaka, chifukwa pafupifupi lonse linatha pa chiwonongeko chachikulu cha zamoyo, zaka pafupifupi 252 miliyoni zapitazo.

Ine ndimati mukafika pa gulu, imani pomwepo. Kutchula dzina lenileni kumafuna kuona za m'kati mwa chigoba, ndipo imeneyo ndi ntchito ya akatswiri. Inu yezani ndi rula kutalika, kutambalala ndi kuchindikala kwake, werengani mizere, mulembe m'kope pamodzi ndi malo amene chinachokera. Chigoba chosadziwika kwawo chataya theka la nkhani yake.

Abale amene muli ku Cape, musakumbe n'kutumiza kuno, lamulo la kumeneko la 1999 sililola popanda chilolezo. Ifenso kuno, tikapeza chigoba kapena fupa m'mwala, tilisiye pamalo pomwepo, tilijambule ndi foni, tikadziwitse a kunyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri.