Fumbi la Simenti ndi Jipisamu pa Nthaka Yoipitsidwa: Phunziro la ku Tafara

Ku Tafara ndi Mabvuku, kum'mawa kwa Harare, nthaka sigonera. Chimanga chili m'mbali mwa misewu, masamba ali m'madambo, ndipo ambiri mwa olimawo ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Dothi lake nlamchenga ndipo limawawasa msanga. Mipope ya zonyansa ikaphulika, kapena zinyalala ndi mabatire zikatenthedwa pafupi ndi dimba, zitsulo zapoizoni zimatsalira m'nthaka. M'chaka cha 2006, Muchuweti ndi anzake anapeza kadimiyamu, mtovu, mkuwa ndi zinki zopyola muyezo m'masamba othiriridwa ndi madzi a zonyansa pa famu ya Firle, mumzinda womwewo.

Pafupi ndi Tafara, ku Manresa, pali fakitale ya simenti imene inkatchedwa Circle Cement, kenaka Lafarge, ndipo mu 2023 inakhala Khayah. Anthu akhala akudandaula ndi fumbi lake, ndipo kudandaulako nkomveka. Komabe fumbi lotoleredwa m'ng'anjo za simenti lili ndi laimu ndi potaziyamu. Likasakanizidwa bwino ndi dothi limachepetsa asidi, ndipo pH ikafika cha pa 6.5 kadimiyamu, zinki ndi mtovu sizisungunuka mosavuta. Zimakanirira ku dothi m'malo molowa m'mizu ya repu kapena mpiru.

Alangizi anzanga, zindikirani kuti zitsulozo sizichoka. Zangomangidwa. Mlimi akapitiriza kuthira feteleza wa ammonium nitrate chaka ndi chaka, asidi amabwerera ndi kuzimasula. Kupyoza muyezo nakonso nkoopsa, makamaka pa mchenga, pamene fumbi lochepa limakweza pH kwambiri: mbewu zimasowa fosiforasi ndi zinki, aseniki amayamba kuyenda, ndipo dothi limauma gwa. Kulimba kotere nkofunika kwa omanga misewu, osati m'dimba.

Jipisamu wotsala pokonza feteleza ku Zimphos, ku Msasa, ndi nkhani ina. Amapatsa mtedza kashiamu ndi salufa, koma sakweza pH, kotero samanga zitsulo monga laimu. Wotereyu angathenso kukhala ndi kadimiyamu ndi fuloraidi zochokera ku mwala wa fosifeti.

Choncho yezetsani zonse ziwiri, dothi ndi chothiracho, musanalangize: ku Chemistry and Soil Research Institute ku Harare, ku Chitedze kapena ku Mount Makulu. Funsaninso njira imene anayezera, pakuti ku Zimbabwe pH amaiyeza mu calcium chloride, ndipo nambala yake imatsika ndi pafupifupi 0.5 poyerekeza ndi yoyezedwa m'madzi. Thirani pang'ono pamodzi ndi manyowa, ndipo muyezenso pakatha nyengo imodzi. Pamene zitsulo zachulukitsa, ine ndimalangiza kusiya masamba ndi kubzala mitengo, kapena kulima m'matumba a dothi lochokera kwina.