Ampulifaya ya mavalavu ikakana kulira: yambani apa musanatulutse ndalama

Amalonda anzanga amene mumagula zamagetsi zakale n'kumagulitsanso, mwina munakumanapo ndi ampulifaya yolemera modabwitsa, yokhala ndi timabotolo tagalasi m'kati. Timabotoloto ndi mavalavu. Zina zimabwera ndi katundu wochokera ku Britain kapena ku America, zina n'zopanga amisiri pamanja. Oimba gitala amazikonda kwambiri, makamaka za Marshall, Fender ndi Vox, choncho yamoyo ili ndi mtengo wabwino. Yakufa transifoma ndi chitsulo cholemera basi. Phunziro la lero ndi la kusiyanitsa ziwirizi.

Choyamba ndi moyo wanu. M'kati mwa ampulifaya yotere mumayenda magetsi a mavoti 300 mpaka 500, ndipo makapasita akuluakulu amasunga magetsiwo ngakhale mutazula pulagi. Ngati simunaphunzire kuwakhuthula ndi rezista n'kutsimikiza ndi mita, musatsegule kunsi kwake. Zambiri zomwe ndikunena pano mukhoza kuziona osalowetsamo dzanja.

Musanalumikize, werengani kumbuyo. Magetsi athu ndi a mavoti 230. Ngati palembedwa 110, 117 kapena 120, imeneyo inapangidwira ku America ndipo ikufuna transifoma yotsitsa magetsi. Kenako yang'anani mavalavu. Valavu yabwino imakhala ndi banga lonyezimira ngati siliva m'kati mwa galasi. Bangalo likayera ngati ufa, ndiye kuti mpweya unalowa ndipo valavuyo inafa. Nunkhizaninso matransifoma: fungo la vanishi wopsa silinama.

Lamulo lina limene ambiri sadziwa, chifukwa anazolowera ampulifaya zamakono, ndi lakuti ya mavalavu siyatsidwa popanda sipika. Mukaiimbitsa choncho, magetsi amadzikundika m'transifoma ya mawu mpaka kuboola waya wake, ndipo imeneyo ndi imodzi mwa zida zodula kwambiri m'bokosi lonselo. Onaninso kuti maohm akugwirizana: potulukira pa 8 pakhale sipika ya 8.

Poyatsa koyamba, amisiri odziwa amadutsitsa magetsi pa babu lakale la kawaya, la mawati 60 kapena 100, lolumikizidwa motsatana ndi ampulifayayo. Babu la LED silingagwire ntchito imeneyi. Babu likawala kwambiri kwa kanthawi kenako n'kuzirala, zili bwino. Likapitiriza kuwala kwambiri, muli shoti, koma babulo lateteza transifoma kuti isapse. Zimitsani, dikirani mavalavu azizire, zulani aakuluwo, yatsaninso kwa kanthawi. Babu likazirala, wolakwa ndi valavu, ndipo vutolo n'lotsika mtengo. Likawalabe mavalavu onse atazulidwa, vuto lili ku mbali ya magetsi, mwina makapasita, madayodi kapena transifoma yeniyeniyo. Apo mtengo wogulira utsike ndithu. Za kuika waya kapena pepala la ndudu m'malo mwa fyuzi, iwalani.

Ikayaka koma ili chete, dikirani kaye theka la mphindi, chifukwa valavu imayamba ntchito itatentha. M'kati mwa iliyonse muyenera kuoneka kakuwala ngati khala. Imodzi yokha ikakhala yozima, mwina yafa kapena miyendo yake siikugwira bwino m'soketi. Koma mukaona chitsulo chachikulu cha m'kati mwa valavu chikufiira chonse, zimitsani msanga. Valavuyo ikukoka magetsi ochuluka, kawirikawiri chifukwa cha kapasita yaing'ono yomwe ikudontha magetsi kapena bayasi yosokonekera, ndipo mukaikapo yatsopano osakonza gwero lake, nayonso ipsa.

Vuto lomwe mudzakumana nalo kwambiri ndi kung'ung'udza. Apa khutu lanu ndi kabatani ka voliyumu zikuthandizani. Tsitsani voliyumu mpaka pansi. Phokoso likatha, ndiye kuti likulowera kumayambiriro: chingwe cha gitala, jeki yadzimbiri, kapena valavu yaing'ono yoyamba, yomwe nthawi zambiri imakhala ECC83, ena amati 12AX7. Zonsezi n'zosavuta. Phokoso likakhalabe chimodzimodzi, ganizirani makapasita akuluakulu osefa magetsi. Amauma ndi ukalamba, makamaka ampulifaya ikakhala zaka osayatsidwa, ndipo kusintha kwake ndi ntchito ya mmisiri koma si yoboola thumba. Ikamathetheka kapena kulira ngati belu, gogodani valavu iliyonse pang'onopang'ono ndi kamtengo kouma. Imene ikuyankha m'sipika ndiyo yodwala.

Yopanga pamanja ili ndi matenda akeake, chifukwa mwina sinaimbepo bwino chipangidwireni. Mawaya awiri otenthetsa mavalavu, a mavoti 6.3, amayenera kupotedwa pamodzi ndi kudutsa kutali ndi mawaya olowetsa mawu. Akangoyalidwa chisawawa, kung'ung'udza sikutha ngakhale musinthe makapasita kangati. Ikangoyaka n'kuyamba kukuwa ndi mluzu wogonthetsa m'khutu voliyumu ili pansi, kawirikawiri wopangayo anasemphanitsa mawaya awiri a transifoma ya mawu, ndipo kuwasinthanitsa kumathetsa nkhaniyo. Malo owotcherera osagwira bwino nawonso ndi ambiri. Ine ndimaona kuti yopanga pamanja muziigula pa mtengo wa zida zake zokha, pokhapokha mwiniwake ataiimbitsa pamaso panu kwa theka la ola, chifukwa matenda ena amatuluka ikatentha. Funsaninso ngati bokosi lake lachitsulo lalumikizidwa ku mwendo wachitatu wa pulagi. Ngati ayi, kasitomala wanu akhoza kugwidwa ndi magetsi pa zingwe za gitala.

Powerengera phindu, lembani kaye mayina a mavalavu: EL34, EL84, 6L6 kapena 6V6. Amapangidwabe ku Slovakia, Russia ndi China, koma kuno mudzachita kuitanitsa, ndiye onjezanipo mtengo wotumizira ndi masabata odikira ndalama yanu itagona. Aakulu ogwira ntchito awiriawiri amagulidwa ofanana mphamvu, osati imodzi. Ndipo mukaona mavalavu akale olembedwa Mullard, musawataye ngakhale ampulifaya itafa. Kampaniyi inali ndi fakitale yaikulu ku Blackburn, ku England, ndipo mavalavu ake amoyo amafunidwa ndi ogula paokha.