Za Mnofu ndi Kukoka Kwace

Mnofu wa pa mkono wa mlimi ndiwo mtolo wa maselo aatali, oonda ngati tsitsi. M'kati mwa selo liri lonse muli timaulusi ta mitundu iwiri, actin ndi myosin, tolowana ngati zala za manja awiri. Pofika uthenga wocokera ku ubongo, selo limasula kashiamu. Pamenepo myosin igwira actin, niikoka, niitaya, niigwiranso, monga acita anthu okoka cingwe. Timaulusito sitifupika ai, koma tingolowana, ndipo mnofu wonse ufupika. Izi zinadziwika m'caka ca 1954.

Kutayako kufuna mphamvu yocokera m'cakudya ndi mpweya. Ndico cifukwa cace mbuzi yophedwa iuma miyendo atapita maora angapo: mphamvu yatha, ndipo myosin yagwira osatayanso.