MBANIRO YA THALAKITALA: YESANI MIKONO MUSANAGULE ZALA

Misika ya cimanga, nshawa ndi soya ikatha, ndalama zikalowa m'thumba la kabungwe, pamsonkhano sipalephera kuimirira munthu wonena kuti, "Thalakitala tiri nayo kale, tsopano tiigulire cida cina." Cimodzi mwa zida zimene zimachulidwa pamenepo ndi cija ogulitsa amacicha grapple, ena amati grab. M'cinenero cathu ciribe dzina lokhazikika, tsono m'nkhani ino tidzacicha mbaniro, popeza nchito yake ndi kupana katundu monga momwe mbaniro ya mmisiri wosula imapanira citsulo camoto.

Mbaniro imamangidwa kutsogolo kwa thalakitala, pa mikono iwiri yonyamulira yochedwa loda, pamalo pamene pamakhala cifosholo cokokolera mcenga. Pansi iri ndi mano acitsulo olowa kunsi kwa katundu, ndipo pamwamba iri ndi cibwano cimene cimatsika ndi kupana katunduyo ndi mphamvu ya mafuta. Amene anapitako ku Mazabuka m'nyengo yodula nzimbe anaona makina otola nzimbe ndi zala zacitsulo ndi kuziponya m'ngolo. Mbaniro ya thalakitala ndi mng'ono wake wa makina amenewo. Imanyamula zitsa, mitengo, minga yodulidwa, miyala ndi manyowa a m'khola.

KODI MUIFUNADI?

Banja lolima maekala 5 kapena 10 silifunika mbaniro. Ngolo ya ng'ombe, nkhwangwa ndi anyamata awiri zidzagwira nchitoyo m'masabata ocepa, ndipo ndalama zidzapita ku mbeu ndi feteleza. Ndanena izi poyera cifukwa wogulitsa sadzakuuzani. Mbaniro imapindulitsa mlimi wa ng'ombe zambiri amene manyowa amamukanika kututa caka ndi caka, mlimi wa fodya wofuna nkhuni za m'mabani, kapena kabungwe kamene kamabwereketsa thalakitala ku midzi yozungulira. Pindu lake lalikulu ndi lakuti imapatsa thalakitala nchito m'cirimwe, kuyambira June kufikira October, nthawi imene ikanangokhala m'shedi kuyembekeza mvula ya November.

Kumbukiraninso kuti mathalakitala ambiri a kwathu kuno anagulidwa opanda loda. Ngati yanu iri yotero, mtengo wa loda muuwerengere pamodzi, ndipo kawiri-kawiri loda ndiyo yodula koposa mbaniroyo.

SAMU YOYAMBA

Caka cina ndinaceza ku kabungwe kena kamene sindidzakachula dzina. Anthuwo anasankha mbaniro yaikulu koposa zonse m'sitolo, poganiza kuti yaikulu ndiyo yamphamvu. Tsiku loiyesa mudzi wonse unasonkhana. Dalaivala anapana citsa, nakoka kandodo, injini inalira, koma citsa sicinacoke pansi. M'malo mwake mawilo a m'mbuyo ndiwo anayamba kunyamuka. Pamene ndinapitakonso ndinapeza mbaniro ija iri pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira pakati pa mano ake. Ngongole yake inali ikulipidwabe.

Colakwa cawo cinali ca samu. Mphamvu yonyamula iri m'mikono ya loda, ndipo mikonoyo imayamba yasenza mbaniro isanasenze katundu. Kilogalamu iriyonse ya citsulo ca mbaniro yacotsedwa pa katundu wanu.

Tsegulani buku la loda. Mudzapeza manambala awiri kapena atatu a kulemera kumene inganyamule. Yaikulu ndi ya katundu wokhala pamapini peni-peni, kumapeto kwa mikono. Ina, yocepa, ndi ya katundu wokhala mamilimita 500 kapena 800 kutsogolo kwa mapiniwo. Ogulitsa amakonda kuchula yaikulu. Inu tengani yocepa, pakuti mtengo wopanidwa m'mbaniro sukhala pamapini. Mayi aliyense adziwa kuti ndowa ya madzi yoigwira pafupi ndi thupi imapepuka, koma ukatambasula mkono imakugonjetsa.

Tiyerekeze kuti buku lanena makilogalamu 900 pamapini ndi 650 kutsogolo. Mukagula mbaniro yolemera makilogalamu 350, otsala ndi 300, ndiwo matumba 6 a cimanga. Mukagula yolemera 200, otsala ndi 450, matumba 9. Tsono taonani: cipika caciwisi ca mtengo wolimba wa m'chire, cotalika mamita 3 ndi conenepa masentimita 40, cimalemera pafupi-fupi makilogalamu 400. Mbaniro yopepukayo idzacinyamula, yolemerayo idzacisiya pomwepo. Thalakitala ndi imodzi-modzi, ndalama zambiri zapita kwa yolemera, koma nchito yagwiridwa ndi yopepuka.

M'lifupi mwake namonso musatengeke. Thalakitala yaing'ono, ya mahosipawa 50 kutsika m'munsi, imayenda bwino ndi mbaniro ya mita 1.2 kufikira 1.5, ya mahosipawa 60 kufikira 80 ingatenge ya mita 1.5 kufikira 1.8. Ogulitsa ena amawerenga m'mainchesi: mainchesi 60 ndiwo pafupi mita 1.5, ndipo 72 ndiwo pafupi mita 1.8. Cifosholo cimafunika kuphimba mapazi a matayala, koma mbaniro sifunika kutero, popeza mtengo ndi nthambi zimaturukira m'mbali. Ndiponso mbaniro yotambalala ikakola citsa ndi dzino la kumapeto, imapotoza mikono ya loda, ndipo mkono wopotoka suwongoka bwino ngakhale kwa mmisiri waluso.

MITUNDU YAKE

Pamsonkhano lembani nchito zonse zimene mufuna mbaniro igwire, ndipo musankhe yoyenera nchito imene idzadya masiku ambiri. Palibe mbaniro yokhoza zonse.

Ya mizu ndi zitsamba iri ndi mano aatali otalikirana, pansi pake ndi poboola. Dothi limagwera pakati pa mano, zinyalala zokha ndizo zimanyamulidwa. Ici ndi cinthu cacikulu, cifukwa dothi la pamwamba ndilo la conde, ndipo siliyenera kupita ku mulu wa zitsa. Ya miyala iri ndi mano oyandikana, imasefa ngati sefa ya ufa, koma ndi yolemera. Ya manyowa iri ndi mano owulungika osongoka ngati foloko. Imalowa bwino m'manyowa oumbika ndi maudzu, koma mukaikumbitsa citsa manowo amapindika tsiku lomwelo. Ya zipika ndi yopapatiza, ya zala zokhota, ndipo pa manyowa iribe nchito.

Pali njira ziwiri zocepetsa ndalama. Yoyamba ndi kugula cibwano cokha ndi kucimanga pa cifosholo cimene muli naco kale. Kuipa kwake ndi kwakuti cifosholo cimatola dothi ndi zonse. Yaciwiri ndi ya iwo amene alibe loda: iripo mbaniro ya zipika yomangidwa kumbuyo, pa mikono itatu ija yokolekera pulawo. Imanyamula mutu wa mtengo ndi kuukoka. Siipakira m'ngolo, koma kwa wofuna kungoturutsa mitengo m'munda ndi yokwanira.

Mudzafunsidwanso ngati mufuna cibwano cimodzi kapena ziwiri. Ziwiri zimapana ciriconse pacokha, kotero zimagwira bwino citsa conenepa mbali imodzi ndi coonda mbali ina. Koma zimabwera ndi masilinda awiri, mapaipi ambiri, kulemera ndi mtengo woonjezera. Pa thalakitala yaing'ono ine ndingasankhe cimodzi. Musaiwale kuyesa ndi tepi kuti kamwa yake imayasama motani, maka-maka ngati nchito yanu ndi ya nthambi za minga, zimene ndi zopepuka koma zimadzaza malo.

NJIRA YA MAFUTA

Apa ndipo ambiri amadzidzimuka atafika kale kumudzi. Loda ya masiku onse iri ndi njira ziwiri za mafuta a haidiroliki: ina yokweza ndi kutsitsa mikono, ina yopendeketsa cifosholo. Cibwano cimafuna njira yacitatu, ndipo popanda iyo mbaniro ndi foloko cabe.

Njira yochipa ndiyo kukoka mapaipi awiri aatali kucokera ku timabowo ta mafuta ta kumbuyo kwa thalakitala. Koma yang'anitsitsani: cibwano cifuna mafuta okankha potseka ndi potsegula pomwe, pamene ngolo yodzikhuthula imakwezedwa ndi paipi imodzi ndi kutsika ndi kulemera kwake. Ngati thalakitala yanu iri ndi njira ya paipi imodzi yokha, siikwanira. Njira yaciwiri ndi kavalavu ka magetsi kopatutsa mafuta: dalaivala akadina batani, kandodo kopendeketsa kamasanduka kotsegula ndi kutseka cibwano. Kuipa kwake sangapendeketse ndi kupana nthawi imodzi. Yacitatu ndi valavu yake-yake ya cibwano. Ndiyo yabwino koposa, ndiyonso yodula. Milomo ya mapaipi nayonso iri mitundu-mitundu, ina yosalala kumaso, ina ya kansonga, ndipo siilowana.

Mafuta amenewa si oseweretsa. M'mapaipi amapanikizika kufika mabaa 170 kapena 200, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mabaa 2 okha. Pofuna-funa pamene pakudontha musapapase ndi dzanja, gwiritsani nchito kacidutswa ka katoni. Mafuta oturuka pa kabowo ngati ka singano amaboola khungu ndi kulowa m'mnofu. Bala limaoneka laling'ono, koma munthuyo apite ku cipatala ora lomwelo ndi kuuza adokotala kuti ndi mafuta a makina, apo ayi angataye cala kapena dzanja.

POKOLEKERA NDI CITSULO

Kumapeto kwa mikono ya loda kuli pokolekera, ndipo si pamodzi-modzi pa maloda onse. Maloda ambiri a ku Ulaya ali ndi pa mtundu wa Euro, pa ngowe ziwiri pamwamba. Ena ali ndi cimbale ca mtundu umene unayamba ndi kampani ya Bobcat ya ku America. Ena a John Deere ali ndi pawo-pawo, ndipo maloda akale amangomangidwa ndi mapini. Mmisiri wowocherera angasinthe zokolekera, koma cimbale coonjezera cimalemera ndipo cimakankhira katundu kutsogolo, kumene mphamvu imacepa. Ndi bwino kugula yolowa yokha.

Poiyang'ana m'sitolo, gwadani. Onani ngati mowocherera ndi mosalala ndi mosadukiza, ngati pa pini iriyonse pali kothirira girizi, ngati silinda iri ndi cochinga kuti mtengo usakande ndodo yake yonyezimira, ndi ngati mapaipi apita mobisika. Funsani mtundu wa citsulo ca mano: colimba cochedwa AR400 kapena Hardox cimapirira kukhuzika ngakhale ciri copyapyala, cifukwa cake mbaniro yopepuka ingakhale yolimba kuposa yolemera. Funsaninso kumene mudzapeza timphira ta m'silinda. Kwa mlimi wa ku Lundazi kapena Chadiza, kamphira kosowa ku Chipata ndi ulendo wa ku Lusaka, makilomita oposa 550 kucokera ku Chipata komweko.

MOYO WA DALAIVALA

Katundu wa kutsogolo amapepusa kumbuyo, ndipo mabuleki a mathalakitala ambiri ali ku mawilo a m'mbuyo. Motero ndalama ya colemetsa kumbuyo ikhale m'pulani kuyambira paciyambi. Madzi othiridwa m'matayala a m'mbuyo kufikira magawo atatu mwa anai amathandiza kugwira pansi, koma sapeputsa ekiselo ya kutsogolo. Coipeputsa ndi colemera cokolekedwa pa mikono itatu ya kumbuyo, monga pulawo ya madisiki, kapena dilamu la malita 200 lodzazidwa konkire, limene limaposa makilogalamu 450. Thalakitala yokoka ndi mawilo awiri okha, ya matayala oonda kutsogolo, isasenzetsedwe kufika pa malire a m'buku.

Dalaivala ayende katundu ali pafupi ndi nthaka, pang'ono-pang'ono, maka-maka pokhota ndi pa mizere. Pamtunda katundu ayang'ane kumwamba kwa phiri, pokwera ndi potsika pomwe. Cipika cokwezedwa pamwamba cikapulumuka cimagubuduzika pa mikono kulunjika pa mpando. Citsulo cochinjiriza dalaivala thalakitala ikagubuduka cisacotsedwe, ndipo lamba amangidwe. Ana asakwere m'mbaniro, munthu asaime pansi pake, ndipo pansi pa nthambo za magetsi mikono itsike. Potsika pa thalakitala, mbaniro igone pansi ndi injini izimitsidwe. Kutsogolo kwa injini muike cochinga ca waya wolimba, cifukwa kamtengo kamodzi kolowa pakati pa mano kamaboola redieta.

Mbaniro si buludoza. Citsa cacikulu ciyambe cakumbidwa m'mbali ndi kudulidwa mizu ndi nkhwangwa. Mbaniro ibwere kudzatola. Musakankhe nayo mulu woyaka moto, pakuti mapaipi ndi matayala ndi mphira.

Ndiponso kukhala ndi cida sikupatsa munthu ufulu wogwetsa nkhalango. Lamulo la za Nkhalango la caka ca 2015 lifuna cilolezo kwa wodula mitengo yamalonda, tsono muyambe mwaonana ndi mfumu ndi a ofesi ya za nkhalango. Mitengo ya msangu m'munda isiyeni: imayoyola masamba nthawi ya mvula ndi kudyetsa nthaka. Mapesi a cimanga nawonso, ngakhale mbaniro ingawakokole m'tsiku limodzi, malo ao ndi m'munda momwemo, kuphimba dothi.

Tsiku lopita kukagula, atumiki a kabungwe atenge buku la loda, cithunzi ca pokolekera ndi ca milomo ya mapaipi, tepi yoyezera, ndi dalaivala mwini wake. Kulemera kwa mbaniro kulembedwe pa pepala la mtengo. Pemphani kuti imangidwe pa thalakitala yanu ndi kunyamula cipika inu mukuona, ndalama yomaliza isanaperekedwe. Mlangizi wa Malimidwe wa m'dera lanu angakuthandizeni kuwerenga manambala a m'bukumo. Muitaneni pa msonkhano umene mudzagamule za kugula.