Laputopu Ikachedwa, Musathamangire Kufomata: Yang'anani Disiki Kaye

Kapepala aka n'ka aphunzitsi, alembi a m'maofesi, ophunzira a m'makoleji ndi aliyense amene laputopu yake imatenga nthawi yaitali kuti iyake, kapena imauma mukangotsegula Word ndi intaneti nthawi imodzi. Malaputopu ambiri amene timawapeza m'masukulu ndi m'maofesi ndi akaunjika, a HP, Dell kapena Lenovo. Ambiri mwa iwo sanathe ntchito ayi. Chimene chimawachedwetsa kwambiri ndi disiki yosungira zinthu.

Mitundu ya madisiki

Disiki yachikale ndi HDD, imene ambiri amangoti hard disk. Mkati mwake muli timbale tozungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamayenda pamwamba pake kusaka fayilo. Imawerenga pafupifupi ma MB 100 pa sekondi. SSD ilibe chozungulira chilichonse, imasunga zinthu m'tizipangizo tangati ta mu fulashi. Ya SATA imafika cha m'ma MB 500 pa sekondi, pamene ya NVMe imatha kupitirira 3,000. Malaputopu ena otchipa ali ndi eMMC ya 32GB kapena 64GB yomatiridwa pa bolodi, ndipo imeneyo sisinthika.

Chenjezo pa kufomata

Apa m'pamene ndalama za anthu zikutayikira. Laputopu ikangoyamba kuchedwa, mwiniwake amathamangira kwa wokonza kukapempha kuti aifomate. Wokonza amafufuta zonse, n'kuika Windows mwatsopano, kenaka n'kuwonjezera mapulogalamu onse amene ali pa fulashi yake, ofunika ndi osafunika omwe: ma antivirus awiri, pulogalamu yoti ndi yoyeretsa, ina yoti ndi yowonjezera liwiro, ina yosaka madalaivala. Kwa masabata ochepa makina amaoneka ngati apepuka. Mwezi usanathe kuchedwa kwabwerera, mwiniwake wabwereranso kwa wokonza, walipiranso. Taona malaputopu ofomatidwa mobwerezabwereza chaka chimodzi, disiki ili yomweyo.

Kufomata sikusintha liwiro la disiki. Ngolo ya ng'ombe mungaitsuke bwanji, sithamanga ngati galimoto. Choipa china n'chakuti pofomata m'pamene pamatayika zithunzi za ukwati, mayeso amene aphunzitsi anakonza, malipoti a chaka chonse, chifukwa ena amafufuta asanafunse mwini ngati anakopera zinthu zake kwina.

Ma antivirus awiri sateteza kawiri. Amalimbana okhaokha, aliyense akufufuza fayilo imene mnzake akufufuza, ndipo kamkono ka mu HDD kaja kamangoyendayenda osapuma. Windows 10 ndi Windows 11 ali kale ndi chitetezo chawochawo, Microsoft Defender, chimene n'chokwanira kwa anthu ambiri bola muzilumikiza makina ku intaneti kuti chizilandira zatsopano. Mapulogalamu olonjeza liwiro aja achotseni onse. Ambiri amayaka limodzi ndi kompyuta, amadya RAM (memori yoyendetsera mapulogalamu), ndipo ena amabweretsa zotsatsa malonda zosatha. Wokonza akafuna kukuikirani, kanani mwaulemu. Kufomata kuli ndi malo ake, monga pamene vairasi yaononga Windows kotheratu, koma kusakhale chinthu choyamba.

Musanatulutse ndalama

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, kenaka pitani pa Performance. Mukaona Disk ili pa 100% inu musanatsegule kanthu kolemera, vuto mwalipeza. Mukaona Memory yadzadza, ndiye kuti RAM ndi yochepa. 4GB masiku ano imapanikiza, 8GB ndiye yabwino pa ntchito za mu ofesi. Pitaninso pa Startup ndipo muzimitse mapulogalamu amene safunika kuyaka nthawi yomwe kompyuta ikuyaka.

Onaninso malo amene mumaika laputopu. Ambirife timaigwiritsa ntchito pabedi kapena pampando wa sofa, bulangete n'kutseka timabowo totulukira mpweya. Ikatentha, purosesa imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Iikeni pathebulo, ndipo fumbi la mu fani lizichotsedwa, makamaka ikatha nyengo ya mphepo ndi fumbi.

Kusankha SSD

Kunena zoona, palibe chinthu chimene chimasintha laputopu yakale ngati SSD. Makina amene mumawayatsa n'kuyamba mwachita zina podikira amayaka m'masekondi owerengeka, osalira, osatentha kwambiri, ndipo batire imakhalitsako. Mukaiona koyamba mumaganiza kuti akusinthirani laputopu! SSD simaopanso kugwedezeka. HDD ikagunda pansi ikuzungulira, kapena mukalowetsa laputopu m'chikwama isanazime n'kukwera kabaza, ikhoza kuonongeka pomwepo.

Musagule musanadziwe malo amene ali mu laputopu yanu. SSD ya SATA ya mainchesi 2.5 imalowa ndendende pamene panali HDD. Ya M.2 ndi kabolodi kakang'ono, kawirikawiri ka mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, n'chifukwa chake amalemba 2280. Samalani: M.2 ilipo ya SATA, iliponso ya NVMe, maonekedwe amafananako koma si laputopu iliyonse imene imalandira zonse ziwiri. Lembani nambala ya mtundu wa laputopu yanu, imene ili kunsi kwake, ndipo mupite nayo kusitolo.

Ambiri amakopeka ndi nambala yaikulu, amati 1TB ya HDD ikuposa 256GB ya SSD. Pa malo osungira, inde. Koma makalata, malipoti ndi Windows yomwe zimakwana bwino mu 256GB. Amene muli ndi mavidiyo ambiri ganizirani 512GB, kapena ikani HDD yakale ija m'kabokosi ka USB ikhale yosungiramo zolemera.

Za mtengo n'zovuta kunena motsimikiza chifukwa katunduyu amachokera kunja ndipo mitengo imayendera kwacha. Funsani m'masitolo angapo. Nthawi zambiri SSD yaing'ono imakhala yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi laputopu ina, ndipo mukawerengera zimene mwakhala mukulipira pofomata, mwina simutaya zambiri. Yotchipa mopitirira muyeso ikayikireni, chifukwa zachinyengo zilipo. Ngati ndi yogwiritsidwapo ntchito, pemphani wogulitsa atsegule pulogalamu ya CrystalDiskInfo muone thanzi lake ndi maola amene yagwira.

Mukaika SSD, musaichite defragment. Zimenezo n'za HDD, ndipo SSD Windows imaisamalira yokha. Musaidzadze mpaka pakamwa. Dziwaninso kuti SSD ikamafa nthawi zambiri sichenjeza ndi phokoso monga ichitira HDD, choncho mafayilo ofunika muziwakopera pa disiki ina kapena pa Google Drive. Ngati batire ya laputopu yanu inafa, igulireni ina, chifukwa magetsi akazima mwadzidzidzi disiki ikulemba, mafayilo amaonongeka, kaya ndi HDD kaya ndi SSD.